Zikhadabo Zosaopa Beseni: Mbiri ya Kasaluni Kathu pa Chitakale

Kasaluni kathu kali pa Chitakale, kuseri kwa mashopu, ndipo tilimo awiri: achemwali anga amaluka tsitsi, ine ndimaika zikhadabo. Anayamba ndi iwo. Ine ndinabwera pambuyo ndi katebulo, mipando iwiri ya pulasitiki ndi ngongole ya ku banki m'khonde, nditaphunzira ntchitoyi kwa mayi wina wa ku Limbe amene ndinkamusesera mu saluni ndi kumutsukira zida. Ndinasankha acrylic, ufa umene timasakaniza ndi madzi ake otchedwa monomer popanga chikhadabo, chifukwa amauma yekha. Gel, mtundu wina wa zikhadabo zoikira, amafuna nyale ya magetsi kuti aume, ndipo magetsi akathima Loweruka m'mawa mkwatibwi ali pampando, ulibe chomuuza.

Anthu anatichenjeza kuti kuno ku Mulanje bizinesi yotere siyenda, ati akazi a kuno amachapa okha, amasenda chinangwa, amakonola chimanga, ndiye zikhadabo azitani nazo. Zochapazo ndi zoona. Makasitomala anga ndi aphunzitsi, alembi a m'maofesi a minda ya tiyi, amayi a geni ochokera ku Limbuli ndi ku Muloza, komanso akwatibwi ndi operekeza awo. Ochuluka alibe wantchito pakhomo. Akachoka pampando wanga amapita kukatsuka mapoto. Choncho bizinesi yathu yonse yaima pa funso limodzi: kodi chikhadabo chimenechi chikhala masabata atatu m'manja mwa mayi wochapa yekha, kapena chimatuka?

Pali mawu amene ndimadana nawo pa ntchito yathuyi. Kasitomala akabwerera patatha masiku ochepa chikhadabo chitatukuka m'munsi, oika ambiri amathamangira kunena kuti, "Asisi, mwachapa kwambiri." Mayiyo amabwerera kwawo ndi manyazi, ndalama yake itapita. Madzi ndi sopo zimafulumizitsadi vuto, koma zimalowa pamene mpata ulipo kale. Chikhadabo chikamatuka sabata yoyamba, vuto linayambira patebulo, burashi isanakhudze n'komwe ufa.

Pamwamba pa chikhadabo cha munthu, kumunsi kumene chimatulukira, pamakhala kakhungu kakufa, kopyapyala kwambiri, komatirira pachikhadabo penipeni. Ndi maso sukaona bwino. Umakaona ukakankha khungu ndi kachitsulo n'kupala pang'onopang'ono, timayangayanga toyera tikuyamba kutuluka, makamaka m'makona. Acrylic akakhala pa kakhungu kameneka wagwira khungu, sanagwire chikhadabo, ndipo khungulo likamafunduka iye amatukuka nalo. Apa ndi pamene ndimathera nthawi yambiri kuposa pena paliponse, ngakhale pabenchi padikire anthu. Ndikatero ndimachotsa kunyezimira ndi fayilo ya 180, yosakhakhala kwambiri, mopepuka. Fayilo ya 100, yokhakhala kwambiri, ndi ya acrylic, si ya chikhadabo cha munthu. Ena amaganiza kuti kupala kwambiri ndiko kugwiritsa, koma chikhadabo chopalidwa mpaka kufiira chimapindikapindika pansi pa acrylic wolimba, ndipo ziwirizi zimalekana.

Kenaka mafuta. Ife akazi a kuno timadzola Vaseline ndi glycerine, makamaka m'nyengo yozizira, ndipo mu saluni mwathu momwemo achemwali anga amakhala akupopera mafuta m'tsitsi. Tinachita kugawa chipinda ndi katani, tebulo langa n'kulisunthira pawindo. Ndimasasa fumbi lonse, kupukuta ndi mankhwala ochotsa mafuta ndi chinyezi, dehydrator kapena isopropyl alcohol, ndipo kuyambira pamenepo ndimauza kasitomala kuti, "Amayi, foni ikalira musaigwire, ndikuyankhirani pa sipika. Kumaso musakande." Chala chimodzi chikakhudza pamphumi, ndimapukutanso. Anzanga oyamba kumene ndimawachenjeza za surgical spirit wa ku famase. Mmenemo mumakhala mafuta a nsatsi, ndiye pamene ukuganiza kuti ukuyeretsa ukusiya mafuta ena. Primer, mankhwala othandiza acrylic kugwira, ndimaika kadontho kochepa, osafika pakhungu, chifukwa wa acid amawotcha, ndipo wochuluka sawonjezera kugwira.

Sindiviika zala m'madzi ndisanaike acrylic. Chikhadabo chimamwa madzi n'kufufuma, ndipo chikamauma chimabwerera mwakale, acrylic n'kutsala alibe pogwira. Mayi akabwera atangochoka pochapa, ndimamupempha achemwali ayambe amuluka kaye.

Chimene ku Limbe sanandiphunzitse ndi chiperoni. Kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti, nkhungu ikatsika m'phiri ndi kamvula kowaza, chipinda chimazizira, zala za kasitomala zimachita kuuma ndi mphepo, ndipo monomer naye amazizira m'botolo. Acrylic amauma chifukwa madzi akewo ndi ufa zimagwirizana, ndipo kukazizira kugwirizanako kumachedwa. Kampira ka acrylic kotenga ndi burashi, kamene mu Okutobala kamaima pamene wakaika, mu Juni kamayenderera mpaka kukakhudza khungu m'mbali. Acrylic wokhudza khungu amamatuka basi, ndipo ena amayamba kuyabwa zala, vuto limene likayamba silitha msanga. M'miyezi imeneyi ndimafunditsa botolo m'manja kapena m'thumba la juzi, kasitomala ndimamupatsa kansalu kouma afunditse zala, ndipo burashi ndimaikama kwambiri pathishu. Botololo lisayandikire mbaula, monomer amayaka. Kukatentha zinthu zimatembenuka: kampira kamauma usanakakanikize bwino, ndiye ndimatenga ting'onoting'ono, mofulumira.

Kusakaniza kwake kuli ngati kuphika nsima: ikachuluka madzi ndi phala, ikachuluka ufa imayoyoka. Kampira konyowa kwambiri kamafota pouma n'kudzikoka m'mphepete. Kouma kwambiri sikalowa m'timizere ta chikhadabo, ndipo pakapita masiku umaona kachigamba koyera pakati, mpweya uli mkati. Kabwino kamanyezimira pang'ono ukakaika, kamakhazikika kokha koma osathamanga. Ndimasiya kampata ngati milimita imodzi pakati pa acrylic ndi khungu, kumunsiko n'kupyapyaza mpaka chala chikamadutsa chisamve pomwe wayambira.

Masiku ano munthu akabwera ndi zikhadabo zomatuka, kaya zanga kaya zoikitsa kwina, ndimayamba ndayang'ana pomwe zamatukira ndisanafunse chilichonse. Kumunsi, ndi kakhungu kaja kapena acrylic wogunda khungu. M'mbali, kawirikawiri tip, kachikhadabo ka pulasitiki komatiza kunsonga, inali yaing'ono ndipo anaikakamiza ndi guluu, ndiye imakoka kufuna kubwerera. Kunsonga, zikhadabozo zatalika kuposa ntchito za mwiniwake, kapena akutsegulira zitini. Pa za kutalika ndimakambirana ndi kasitomala mosabisa. Mtsikana wina anabwera ndi chithunzi cha pa TikTok, zikhadabo zazitali zosongoka. Ndinamufunsa kuti, "Achemwali, madzi mumatunga kuti?" Anati pamjigo. Tinagwirizana zazifupi zozungulira, ndi kamtunda kolimba pakati pomwe chikhadabo chimalandirira mphamvu, ndipo anabweranso pa nthawi yake zonse khumi zili m'malo.

Nthawi yakeyo ndi masabata awiri kapena atatu. Chikhadabo cha munthu chimakula pafupifupi mamilimita 3 pamwezi, ndiye acrylic amasunthira kutsogolo, kulemera kumapita kunsonga, kumbuyo n'kuyamba kutukuka. Wobwera kudzadzazitsa mpata ndimamutchajira zochepa kuposa woika zatsopano, dala, kuti asamadikire mwezi ndi theka.

Chaka cha 2023 chinatiyesa. Mu Malichi namondwe wa Freddy anasakaza kuno ku Mulanje, maliro anali ponseponse, ndipo palibe amene ankaganiza za zikhadabo. Tinatseka, tinkathandiza abale. Titangoyamba kudzuka, mu Novembala kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo katundu wathu yense ndi wochokera kunja. Ndi nthawi imeneyo pamene munthu wina anabwera ndi monomer wa m'mabotolo opanda dzina, wotchipa kwambiri, akuti, "Uyu ndiye samatuka, mayi." Fungo lake linali lobaya m'mphuno. Ndinapanga chikhadabo choyesera pa tip n'kuchiviika mu acetone, mankhwala osungunulira acrylic. Monomer woyenera, EMA, amafewa pasanathe theka la ola n'kumapalika mosavuta. Chija chinangochita nembenembe pamwamba, mkati gwa. Ameneyo ndi MMA, amene ku America bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la FDA linachotsa pamsika mankhwala a zikhadabo opangidwa ndi iye yekhayekha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anthu atavulala zala. Kuti agwire amafuna upale chikhadabo mwankhanza, ndipo ndi wolimba moti mayi akagunda chala pachitseko, acrylic sathyoka, chimazuka ndi chikhadabo chake chenicheni. Ndinakana. Tinakweza mtengo, ena anatithawa, koma ambiri a iwo tikuwaonanso pabenchi.

Chinthu chimodzi ndimapempha kasitomala aliyense potsanzikana: chikhadabo chikatukuka, musathiremo supa guluu. Mumatsekera madzi mkati, ndipo m'malo onyowa ngati amenewo mumaswana bakiteriya wotchedwa Pseudomonas, amene amasiya banga lobiriwira. Ambiri amati ndi nkhungu ndipo amachita mantha. Ndikaliona ndimachotsa acrylic yense pachala chimenecho poviika mu acetone, osakanganula, kupukuta bwino, kutaya fayilo imene ndagwiritsa, n'kuchisiya chikule mpaka bangalo lidulike. Ngati pali kutupa, mafinya, kupweteka, kapena chikhadabo chalekana ndi mnofu, sindiikapo kanthu, ndimamutumiza kuchipatala. Anamwino ndi azamba nawonso ndimawakaniza acrylic, ngakhale ndi ndalama m'manja, chifukwa pansi pa zikhadabo zoikirira pamabisala tizilombo ndipo iwo amagwira odwala ndi makanda. Amenewo ndimangowadula ndi kuwasalaza bwino.

Lamulo la pasaluni pathu ndi lakuti chikhadabo chikamatuka sabata yoyamba, ndimakonza ulere. Achemwali anga poyamba ankati tiluza. Koma lamuloli limabweretsa anthu msanga, madzi asanalowe, ndipo ine ndimaona ndi maso anga pomwe ntchito yafooka. Ndili ndi kope momwe ndimalemba tsiku, mmene kunja kunachera, chala chake ndi mbali imene yatukuka. Ndi kope limeneli limene linandionetsa kuti chala cholozera ndi chala chachikulu cha dzanja lodyera ndizo zimayamba, ndiye pa zimenezi ndimafupikitsa pang'ono mwiniwake akalola.

Tsopano tatenga mtsikana wa ku Luchenza kuti aphunzire. Mwezi uno sakhudza burashi. Ntchito yake ndi kukankha khungu, kupala kakhungu ka m'makona, kusasa fumbi ndi kupukuta, ine n'kubwera kudzayang'ana chala chilichonse pawindo. Tikufuna pofika Okutobala, pamene maukwati amachuluka ndipo alendo amadzaza kuno pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, akhale ndi tebulo lakelake, kuti mayi wachiwiri asamadikire maola awiri pabenchi.