Tcheni cha Probox yanga ndi Loweruka lomwe ndinataya ku Limbe

Probox yanga, ya injini ya 1NZ-FE, yalira bwino m'mawa uno nditaisintha tcheni cha timing, chomwe chimayendetsa mavalavu mogwirizana ndi mapisitoni, ndipo phokoso la zitsulo lomwe linkamveka ndikangoiliza kukuzizira latheratu, koma mkwiyo wa Loweruka lapitali sunandichoke. Kuti munthu afike pa tcheni cha timing mu injini imeneyi, ayenera kukhetsa oyilo ndi madzi, kuichirikiza ndi jeke, kumasula mounting ya kudzanja lamanja ndi pampu ya madzi, kenako kuchotsa chivundikiro chonse chakutsogolo, momwenso muli pampu ya oyilo. Zonsezi ndinazimaliza Lachisanu popanda vuto.

Chomwe chinandipweteka mtima ndi sitolo ina ya ku Limbe. Ndinapitako chimanjamanja, ndikukhulupirira kuti kutchula dzina la injini n'kokwanira, ndipo mnyamata wogulitsa anandipatsa paketi ya tcheni chatsopano ndi zipangizo zake akulumbira kuti ndi yomweyo. Nditafika kunyumba ku Chilomoni, ndinapeza kuti mabowo a guide, kachipangizo kowongolera tcheni, sakugwirizana ndi a pa injini. Ndinakweranso minibasi, koma mwini sitolo anangoti, "Bambo, katundu wotsegula sabwezedwa," ndipo pomwe tinkamaliza kukangana, sitolo zina zinali zitatseka. Galimoto inagona pa jeke mpaka Lolemba. Popita kukagula, nyamulani tcheni chakale, tensioner (yokungira tcheni) ndi ma guide, muziyerekeze pomwepo musanapereke ndalama.

Ndikadanena poyamba kuti musanachotse tcheni, zungulizani injini mpaka chizindikiro cha pa pulley, gudumu lozunguza lamba kutsogolo kwa injini, chifike pa 0, pisitoni yoyamba ili pamwamba, ndipo mujambule ndi foni. Tcheni chatsopano chili ndi mfundo zopakidwa utoto zomwe ziyenera kukhala ndendende pa zizindikiro za magiya onse atatu omwe chimadutsapo, chifukwa mukaphonya dzino limodzi lokha mudzamasulanso zonse. Mukachiika, zungulizani injini ndi sipanala kawiri kuti mumve ngati pali pomwe ikugwira.

Chivundikiro chija chilibe gasiketi, chimamatidwa ndi silikoni, ndipo muyenera kudikira maola awiri musanathire oyilo. Musaiwale timphira tiwiri tozungulira tomwe timakhala kuseri kwake. Bawuti ya pulley imafuna kumangidwa ndi mphamvu ya 128 Nm, choncho ndinachita kubwereka torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, kwa mlamu wanga.

Lolemba ndinapita ku sitolo ina ndi zitsulo zakale m'jumbo, n'kuziyala pa kauntala chimodzichimodzi, monga ndanenera kale. Paketi yolakwika ija ikadali m'buti.