Timibulu ta nkhumba tomwe tinandidyera Loweruka lonse

Lero ndi Lachitatu, mbale ndatsuka, ana agona. Timibulu ta nyama ya nkhumba, tija ena amati ma meatballs, tapsa bwinobwino, ndipo kuchokera pomwe ndinavula nsapato za ku ntchito mpaka kukhala pansi kudya sipanathe ola. Koma za Loweruka lapitali mtima ukadali kuwawa.

Chomwe chinandizunza ndi kupeza nyama yogaya. Kuno ku Lilongwe mabutchala ambiri ndi a halaal, nkhumba sagulitsa, ndipo makina awo ogayira sangakhudze nkhumba. Pamenepo ndilibe mawu, ndi chipembedzo chawo, wolakwa ndine amene ndinalowa malo awiri n'kumafunsa. Malo achitatu ndi omwe anandiputa. Nkhumba inalipo, makina ali poteropo pakona. Ndinaloza nyama ya paphewa, anandiyezera kilo imodzi, ndinalipira.

"Mayi, kugaya ndi kwapadera, K1,000."

Ndinapereka. Ndalama italowa m'kabati m'pamene mnyamatayo anakumbukira zoti magetsi anathima kuyambira m'mawa.

"Nanga achimwene, bwanji simunanene ndisanalipire?"

"Abwera pompano mayi, khalani apo."

Apo pake panali pa kireti ya zakumwa. Ndinakhala maola awiri, ntchentche zikundizungulira, matumba a ndiwo zamasamba akufota pamiyendo. Magetsi atayaka, wodziwa kuyendetsa makina anali atapita kukadya nsima. Atabwera, akutokosa m'mano, anatenga mpeni n'kusenga mafuta onse pa nyama yanga ija, n'kuwaponya m'beseni lomwe amatumiza kwa okazinga pa chiwaya panja paja. Akuti wandithandiza kuti nyama ikhale yabwino. Mafuta omwe ndinagula ndi ndalama zanga, atayezedwa kale pa sikelo! Ndinali nditatopa moti ndinangonyamula jumbo yanga n'kumapita.

Usiku umenewo timibulu tinatuluka touma gwaa. Mwana wanga wamkulu anatola kamodzi, kukagogoda pa mbale, n'kufunsa ngati angasunge tiwiri toponyera pa legeni. Bambo ake anaseka mpaka kutsamwa. Ine sindinaseke.

Ndiye mverani: musalole munthu kukuchotserani mafuta. Pa magawo asanu a nyama, gawo limodzi likhale mafuta, apo ayi mudzadya miyala. Ya paphewa imakhala nawo okwanira kale. Ndiponso nyamayo muione ndi maso anu isanalowe m'makina. Nkhumba zongoyendayenda m'mudzi nthawi zina zimakhala ndi timatuza toyera m'minofu, tokhala ngati njere za mpunga, ndipo timeneto ndi tomwe timasanduka njoka za m'mimba mwa munthu. Ikagayidwa simungationenso. Pa chifukwa chimenechi yogayiratu ya m'beseni, yomwe sindikudziwa kuti yachokera kuti, sindigula.

Dzulo sindinabwerereko. Ndinagula theka la kilo kwina, yosagaya, n'kuiika mufiriza mpaka inalimba pang'ono koma osauma, kenako n'kuidula tizidutswa n'kumaitema ndi mpeni waukulu pa thabwa. Mphindi 15 inali itasalala, dzanja lokha ndi lomwe linadandaula. Ndikanadziwa, Loweruka lija ndikanachapa makatani.

Zosakaniza zake pa theka la kilo si zambiri. Masilayisi awiri a buledi wa dzana, wochotsa makoko, muwanyike mu mkaka pang'ono mpaka aphwanyike ngati phala. Buledi ameneyu ndi amene amasunga madzi m'kati kuti timibulu tifewe, ndipo Loweruka lija ndinamuiwalanso chifukwa cha mkwiyo, kotero mlandu wonse si wa mnyamata wa pabutchala uja, ngakhale waukulu ndi wake. Dzira limodzi. Adyo tizidutswa titatu ndi jinja wotalika ngati theka la chala, zosinja mu kamtondo. Ufa wa kale (curry) supuni yaing'ono imodzi, paprika chimodzimodzi, mchere supuni yaing'ono yosadzaza. Tsabola wa kambuzi mmodzi yekha, wochotsa njere, ngati pali ana. Kambuzi ndimamukonda chifukwa cha fungo lake, limagwirizana ndi nkhumba kuposa tsabola wa ufa wa m'mapaketi.

Anyezi ndiye samalani naye. Mukangomudula zidutswa zikuluzikulu, timibulu timasweka m'chiwaya. Mupaleni pa gireta, kenako mufinye m'manja madzi atuluke. Madziwo musataye, alowa mu supu.

Musanaumbe tonse, kazingani kamodzi kaye mulawe. Kamodzi kokha, kakang'ono ngati ndalama yachitsulo. Nyama ya nkhumba yaiwisi simungailawe, ndiye njira yodziwira mchere ndi imeneyi basi. Loweruka ndinaumba timibulu 20, kukazinga tonse, n'kuzindikira pa tebulo kuti mchere munalibe. Mchere wowaza pamwamba sulowa m'kati.

Posakaniza musakande ngati mukukanda ufa wa mandasi. Zala zokha, zinthu zikangogwirana siyani. Nyowetsani m'manja ndi madzi ozizira kuti zisamate, muziumba tokulirapo pang'ono kuposa dzira la nkhunda. Ndinatiyala pa mbale n'kutiika mufiriji nthawi yomwe ndimatsuka mpunga ndi kudula tomato. Tikazizira timagwirana bwino.

Ndaiwala kunena za moto. Lero magetsi analipo, koma ndinayatsa mbaula dala, sindikuwakhulupiriranso. Makala akhale oti ayaka n'kuyamba kuchita phulusa pamwamba. Pa moto wa malawi kunja kumapserera m'kati muli mwazi. Mafuta ophikira ochepa, ongophimba pansi pa chiwaya, poti nkhumba itulutsa akeake. Mukatiika musatigwiregwire. Dikirani mphindi zitatu, kakamatuka kokha pansi ndiye kuti kakonzeka kutembenuzidwa. Mukakakamiza ndi supuni theka limatsalira pachiwaya. Musadzaze chiwaya, kazingani maulendo awiri.

Tikafiira mbali zonse tichotseni. M'mafuta omwewo ikani anyezi wina, tomato anayi akupsa kwambiri, madzi a anyezi aja, ndi kapu imodzi ya madzi, mukupala zomwe zamatirira pansi chifukwa kukoma kuli pamenepo. Supu ikawira bwezeranimo timibulu, vindikirani, mphindi 15 pa moto wochepa. Odziwa amati nyama yogaya ipse mpaka madigiri 71 m'kati mwake. Ine choyezera ndilibe, ndimangotenga kakakulu kuposa tonse n'kukang'amba pakati. Mukaona kufiira kulikonse, vindikiraninso.

Tinadyera mpunga wa Kilombero ndi kabichi wokazinga, ngakhale bambo a kunyumba amati supu yotere imafuna nsima. Wa legeni uja anadya tisanu ndi tiwiri osayankhula. Ndinabisa tinayi m'kontena toti nditenge ku ntchito mawa, ndalemba dzina langa pachivindikiro.

Kamodzi koyamba kaja musaiwale kulawa. Lero nditalawa ndinapeza kuti kambuzi wachepa, ndinawonjezera theka.

K1,000 ija sindinaiiwale. Ndi mafuta anga aja, omwe wina anadyera chipisi pa chiwaya osadziwa kuti analipira ndine. Loweruka likubwerali ndidutsa pakhomo pa butchala imeneyo popita kumsika, thabwa ndi mpeni zikundidikira kunyumba.