Lachinayi, ndudu m'jekete ya amalume

Lero ndinadzuka 5 koloko kuti ndiperekeze amalume kuchipatala, ndi ulendo wachitatu chiwauzireni kuti ndi khansa ya m'mapapo. Poyamba tonse timangoti ndi TB poti chifuwa chosatha ndi kuwonda, mpaka makhololo anayezedwa kawiri osapezeka kanthu. Mu minibasi ananditambasulira jekete kuti ndiwagwirire, ndiye dzanja langa linagunda paketi m'thumba, ndudu zitatu ndi machesi. Mtima unangoti myuu. Sindinayankhule mpaka tinakhala pa benchi kudikira dokotala.

Nditawafunsa anangoti, "Iwe mwana, ndayamba chingambwe ndili mnyamata ku munda wa fodya, matenda alowa kale, kusiya lero kupindula chani?"

Funso limeneli landisautsa tsiku lonse chifukwa yankho ndimalidziwa, tinaphunzira ku koleji, koma kulinena mu Chichewa kwa munthu wamkulu amene akuopa imfa si zophweka ayi. Ndinayesa ndi njinga poti iwo anapalasako kabaza. Ndinati amalume, m'maselo mwathu, tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi, muli ma gene, malangizo a chibadwa olembedwa pa chinthu chotchedwa DNA, ena ntchito yake ndi buleki, amaletsa selo kuti isamangogawikana mosalekeza, ina imatchedwa p16. Utsi wa fodya nthawi zina umathyola bulekiyo, koma nthawi zinanso siuthyola, umangochititsa kuti timakemikolo totchedwa methyl timatirire pa DNA mpaka gene ija itseke pakamwa, ngati munthu wamanga buleki ndi mphira, chitsulo chilipo chabwinobwino koma potsetsereka sichigwira. Zimenezi ndi zomwe amati epigenetics. Anaseka pang'ono nkuti ndiye njinga yawo ili pa mtsetse wa Dedza, kenako anatsokomola nthawi yaitali.

Ndipo si nkhani ya m'kalasi chabe. Mu 2008 madokotala a ku Johns Hopkins ku Baltimore anapeza kuti odwala omwe anachitidwa opareshoni khansa ya m'mapapo ikadali pa siteji yoyamba, ngati ma gene monga p16 ndi CDH13 anali otsekedwa chonchi, khansa imabwerera msanga. Palinso gene ina, AHRR, yomwe m'magazi a osuta imataya methyl wake moti ku labu angathe kudziwa kuti munthu amasuta ngakhale akane, koma akasiya imayamba kubwerera pang'onopang'ono, ngakhale zipsera zina pa DNA zimakhala zaka 30.

Sindinawanamize kuti chotupacho chisungunuka akasiya, ayi ndithu. Ndinawauza za kafukufuku wa ku Moscow yemwe anatuluka mu 2021, anatsatira osuta 517 omwe anali atapezeka kale ndi khansa ya m'mapapo, amene anasiya anakhala ndi moyo pafupifupi zaka 6.6 pomwe opitiriza zinali 4.8. Kusiyana kwake ndi pafupifupi zaka ziwiri abale, kwa ine zaka ziwiri ndiye kuti amuona mdzukulu wawo akulemba mayeso a Sitandade 8. Komanso utsi umapangitsa chiwindi kuchotsa msanga mankhwala ena a khansa monga erlotinib m'thupi, ndiye munthu umamwa mankhwala okwera mtengo kwinaku ukuwathamangitsa wekha.

Dokotala atatiitana sindinawaulule, ananena okha kuti akusutabe, ndinatsala pang'ono kulira chifukwa amalume si munthu wovomera zinthu pagulu. Anakambirana zoti ayambe kemo, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa, sabata yamawa.

Pobwerera tinagula chimanga chootcha pa depoti, iwo anangodya mizere iwiri. Titafika pakhomo anandipatsa ndudu ziwiri ndi machesi, imodzi anati aisunga pansi pa pilo kuti mtima ukhale m'malo. Sindinalimbane nawo. Mawa m'mawa ndipita ku famase kukafunsa ngati ali ndi zigamba za nikotini zomata pa mkono, ndipo azakhali ndawauza kuti asawatumenso ku gulosale okha.