Botolo la kachewere ndi alendo oyendera sukulu

Chaka chilichonse tikafika pa mutu wa zowoletsa zinthu, zija m'buku la Biology amati ma decomposer, pamapezeka mwana wofunsa ngati mavairasi nawo ali m'gululi. Yankho ndi ayi. Koma "ayi" wapakamwa sakhutitsa mwana wa kuno ku Dedza amene waona nkhuku za agogo ake zikutha ndi chitopa n'kuwolera kudzala. Mnyamata wina wa Fomu 3 anandipanikiza: "Aphunzitsi, mwanena nokha kuti chitopa ndi vairasi. Nkhuku yafa, yawola. Ndiye wawoletsa ndani?"

Ndinamuuza kuti wakupha ndi wina, adzukulu okumba manda ndi ena. Vairasi si selo. Ndi kachidutswa ka DNA kapena RNA, zija zimasunga malangizo a chibadwa, kokutidwa ndi puloteni, sikadya, sikapuma. Kuti kachulukane kamalowa m'selo lamoyo n'kulilanda ntchito kuti lizipanga mavairasi ena. Nkhuku ikafa, vairasi amangokhala phee mumtembomo kudikira nkhuku ina, n'chifukwa chake nkhuku yachitopa timakwirira mwakuya kapena kuwotcha. Owoletsa ndi mabakiteriya, kuyambira a m'matumbo mwa nkhuku yomweyo, pamodzi ndi nkhungu. Amalavula kunja ma enzyme, timadzi tosungunula chakudya, mnofu n'kusungunuka, iwo n'kuyamwa, zotsala n'kubwerera m'nthaka. Mphutsi, chiswe ndi bongololo zimangothandiza kuduladula.

Mwanayo anavomera "eya, aphunzitsi" waulemu uja, wotanthauza kuti sanakhulupirire. Kumuonetsa vairasi sikukanatheka. Maikulosikopu ya pasukulu siingamuone, ndipo ngakhale wasayansi wa ku Russia Dmitri Ivanovsky mu 1892 sanamuone, anangodabwa kuti madzi a masamba a fodya wodwala akupatsirabe matenda atasefedwa ndi sefa yogwira mabakiteriya. Ndinasankha kugwiritsa ntchito kachewere, poti kuno sasowa.

Kakonzedwe kake ndi aka. Choyamba, kachewere wathunthu wochokera pa phando la masamba opiringizika m'mwamba, matenda a vairasi amene amafalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba. Mutsukeni, aume, mumuike m'chitini chosavindikira. Amakhala wamng'ono koma wolimba, ndipo amaphuka. Vairasi ali momwemo koma sakumuwoletsa, amangochepetsa zokolola chaka ndi chaka mpaka alimi n'kumati mbewu yatopa. Chachiwiri, kachewere awiri owaduladula timagawo tolowa pakamwa pa botolo lapulasitiki la malita awiri, supuni imodzi ya dothi la kudimba, ndi theka la kapu ya madzi. Chachitatu, zomwezo koma zowiritsa mphindi 20 n'kuziika m'botolo lagalasi. Izi zimachedwa kuwola, koma zimawolabe, chifukwa mabakiteriya ena ali ndi njere zolimba zimene madzi owira sapha.

Lamulo lalikulu lili pa botolo lachiwiri, lapulasitiki lija: pakamwa pake mutseke ndi thonje, osati chivindikiro. Mabakiteriya a mtundu wa Pectobacterium amasungunula pectin, chinthu chimene chimamata maselo a kachewere, zonse n'kusanduka phala. Mpweya wabwino ukatha m'botolomo, ntchito imatengedwa ndi ena monga Clostridium, amene amatulutsa carbon dioxide, hydrogen ndi asidi wonunkha mwa mtundu wake. Mpweyawo uyenera kupeza potulukira.

Unali mwezi wa Juni, ndipo aliyense wodziwa Dedza akudziwa kuti nthawi imeneyo ngakhale mabakiteriya amaumirira. Amakonda kutentha kopitirira madigiri 25, choncho mabotolo ndinawasunga kukhitchini kwathu, pafupi ndi mbaula. Zinayenda bwino kwambiri, mpaka mayi a kunyumba anandiuza madzulo ena: "Abambo, zoyesayesa zanuzi zitisamutsa m'nyumba muno. Koma ndakonza." Ine ndinamva mawu oyambawo okha. Kukonzako kunali kuzula thonje n'kumanga chivindikiro mwamphamvu ya munthu wotopa ndi fungo. Ndipo fungo linathadi, ine n'kumayamikira kuti banja langa layamba kuzolowera sayansi.

Tsiku loonetsa litakwana, mayi a kunyumba ananditsanzika okha mabotolo ali m'jumbo. Ndinamangirira pakaliyala, n'kutsetsereka ndi njinga mumsewu wathu wamiyala uja, botolo likukhutchumuka njira yonse.

Pachipata a hedi anandilandira ndi nkhope yowala. Kwabwera alendo awiri oyendera sukulu, ndipo asankha kalasi yanga. "Muwaonetse zija mumachita zija," anatero. Ndinasangalala. Mphunzitsi wa kusukulu yoyendera sapeza kawirikawiri mwayi woonetsa kuti amaphunzitsa ndi zipangizo.

Kachewere wa m'chitini anandipatsa ulemu. Anayenda m'manja mwa ana, wolimba, ataphuka maso. Alendo anagwedeza mitu, ine n'kuwapempha kuti asendere kutsogolo aone bwino botolo lachiwiri. A hedi nawo anasendera.

Botolo lotere, likakhala gwa, kachitidwe kake n'kodziwika. Mupite nalo panja, mulikhazike thovu litsike, muliphimbe ndi nsalu, kenako mupotoze chivindikiro pang'onopang'ono mpweya uzituluka chamluzu. Izi ndimaphunzitsa ana ndekha. Koma pakamwa panga panali potanganidwa ndi Chingerezi cha alendo, ndipo dzanja linapotokola kamodzi n'kamodzi.

Phuu! Chivindikiro chinakamenya malata. Phala lotuwa linakwera, n'kutsika mogawana mwachilungamo: malaya anga oyera, tayi ya a hedi, kope la mlendo wamwamuna lomwe linali lotsegula bwinobwino. Kwa kanthawi kalasi inali zii. Kenako fungo linafika. Ana a kutsogolo anatulukira pakhomo, a kumbuyo pawindo, mnyamata wa funso uja akutsogolera.

Mlendo wamkazi yekha sanasunthe. Anatseka mphuno ndi chitenje, n'kuloza malaya anga. "Aphunzitsi, mukuti m'phalali mulibe vairasi?" Apa ndinazindikira kuti mayiwa anaphunzitsapo Biology.

Ndinayankha phala likutsika m'khosi. Alimo, mayi, ambirimbiri, aja amati bacteriophage. Amalowa m'mabakiteriya amoyo, kuchulukana, n'kuwaphulitsa, ndipo za m'kati zikatayika mabakiteriya ena amadya. M'nyanja zikuluzikulu zimenezi zimathandiza kwambiri kuti chakudya chizizungulira. Koma amene akumugwirayo ndi wamoyo, choncho vairasi ndi tizilombo todalira zamoyo, osati zowoletsa zakufa. Mwana akafunsidwa pa MSCE alembe mabakiteriya ndi nkhungu basi. Mayiwo analemba kanthu m'kope mwawo, mnzawo akupukuta lake pa udzu.

Kalasi imeneyo tinaphunzirira pansi pa mtengo mpaka sabata kutha, m'chisanu cha Juni, ana akundiyang'ana ngati ndine ndinalenga mphepo. Botolo lachitatu, lowiritsa lija, palibe anafuna kumva za njere zake zolimba. A hedi analamula kuti alonda akaliponye m'chimbudzi chokumba losatsegula. Alondawo analizungulira kawiri, manja kumbuyo, n'kunena kuti ntchito yamtunduwu sinali pa mgwirizano wawo, ayambe aona ya sopo.