Nyambo ya Lachinayi, kuwedza Loweruka

Kwathu ku Nkhotakota nyambo sinali nkhani yoti munthu n'kusowa nayo tulo. Unkakumba nyongolotsi kudambo, kuziika m'chitini ndi dothi lonyowa, n'kuzisiya pakhonde mpaka tsiku lomwe wazifuna. Kuno ku Brisbane, m'dziko la Australia, nyambo yomwe nsomba za m'mphepete mwa nyanja zimaifera ndi kachilombo kotchedwa yabby, ka m'madzi amchere. Kuchigawo choyandikana nafe cha New South Wales amakatcha nipper. Kutalika kwake ngati chala, thupi lofewa loyera mofiirira, ndipo kamphongo kali ndi dzanja limodzi lalikulu lopanira ngati la nkhanu. Nsomba monga whiting, bream ndi flathead sizikadutsa. Koma zimakafuna kamoyo. Kakafa kamasanduka phala, ukangoponya chingwe kamathothoka pambedza.

Chovuta ndi nthawi. Tizilomboti timakhala m'mauna pansi pa mchenga, ndipo umatipeza pokhapokha madzi akaphwa. Nyanja ya kuno imaphwa kawiri patsiku, tsiku lililonse mochedwerako ndi mphindi pafupifupi 50, ndipo siyang'ana kuti iwe uli pa shifiti yanji. Ine mpata wotipopa mumchenga ndi pampu umandipeza Lachinayi madzulo, pomwe kuwedza ndi Loweruka mbandakucha. Pakatipo pali mausiku awiri oti nyambo ikhale moyo kunyumba.

Ulendo woyamba ndinalakwitsa chilichonse. Ndinapopa mwadyera, oposa 100, n'kuwathira m'ndowa ya malita 10, kutseka chivundikiro, kuika kumbuyo kwa galimoto dzuwa la December likuswa mtengo. Pofika kunyumba madzi anali atatayika theka, ndiye ndinawonjezera a pampopi. Poona kuti afunda ndinaponyamo ayezi. M'mawa wa Lachisanu mayi a kunyumba anandidzutsa ndi funso limodzi: "Abambo, m'galaja mwafera chiyani?"

Amene anandimasula ndi adala ena oyandikana nafe, omwe akhala akuwedza ku Moreton Bay, nyanja ya pafupi ndi Brisbane, kuyambira ali mnyamata. Anangosuzumira m'ndowamo n'kundiuza kuti njala siinaphepo yabby m'masiku awiri. Chimapha ndi madzi. A pampopi alibe mchere komanso ali ndi klorini. Ayezi akasungunuka ndi madzi opanda mchere omwewo. Ndipo yabby mmodzi akafa n'kuyamba kuwola, amawononga madzi, anzake n'kutsatira mmodzimmodzi, kenako onse pakamodzi.

Tsopano ntchito yosunga ndimaiyambira kumchenga komweko. Ndimakonda ku Pumicestone Passage, kumtsinje wa mchere wolekanitsa Bribie Island ndi kumtunda, ndipo ndimayamba ndaona mapu, chifukwa m'dera la Moreton Bay Marine Park muli malo opakidwa mtundu wobiriwira pamapu omwe saloleza kuwedza ngakhale kutola nyambo. Pampu yake ndi chipaipi chachitsulo chokhala ndi chokokera. Umachiika pakabowo, kukanikiza uku ukukoka, n'kulavulira mchengawo pambali kapena m'sefa. Bowo limodzi ukalibwereza katatu kanayi, ma yabby amatuluka chakumapeto, chifukwa amakhala pansi.

Apa m'pamene ndimasankha mopanda chifundo. Aliyense amene pampu yamutswanya, kaya ndi pang'ono chabe pamimba, salowa m'ndowa yopita kunyumba, chifukwa ameneyo ndiye adzayambe kufa. Aakazi onyamula mazira, omwe amaoneka ngati kamulu ka timikanda ta olenji kunsi kwa mchira, ndimawabwezera pamchenga wonyowa ndi kuwadikira alowe, kupanda kutero mbalame zimawatola ndikuona. Aang'onoang'ono nawonso amatsala. Ndikafika 40 ndimaleka, ngakhale mabowo atakhala mbwee.

Ndisanachoke ndimawatsuka m'sefa kuti matope achoke, n'kuwaika m'madzi oyera. Kenako ndimatunga zigubu ziwiri za malita 20 pamalo omwewo. Kunyamula makilo 40 pamchenga wotitimira si masewera, ndipo nthawi zonse ndimadzifunsa ngati nsomba za m'sitolo sizikanandichipira, koma popanda madzi amenewa zonse zotsatirazi n'zachabe. Ngati kwagwa mvula yambiri masiku amenewo ndimadikira madzi obwera ndi kudzaza kwa nyanja, poti otsalira m'zithaphwi amakhala atasukuluka mchere.

Kunyumba ndowa ndinaisiya. Ndimagwiritsa ntchito cooler box yakale yotambalala, madzi osapitirira chikhatho kuya kwake, kuti tizilomboti tisaunjikane komanso mpweya ulowe pamalo aakulu. Mchenga sindiikamo. Poyamba ndinkaganiza kuti ndikuwachitira chifundo powapatsa kwawo, koma mchenga umabisa akufa ndipo umanunkha msanga. Ndinagula kamakina kopopera mpweya ka m'mathanki a nsomba, ka mabatire, ndipo kamwala kake kotulutsa thovu ndimakaika pakona, thovu lake lapang'ono, kuti lisamawagubuduze usiku wonse. Chivundikiro chimakhala chotsekula pang'ono.

Pa kuzizira ndimaumitsa botolo la madzi m'firiji, lotseka zolimba, kulitsuka kunja, n'kuliika m'bokosimo. Likasungunuka ndimasintha ndi lina. Cholinga n'chakuti madzi akhale ozizirira ngati a mumtsuko. Akazizira kwambiri ma yabby amangoti ndwii, ena osadzukanso. Bokosilo limakhala pasimenti m'galaja, kutali ndi khoma lowombedwa ndi dzuwa, ndipo zigubu zimakhala pambali pake kuti madzi atsopano asasiyane kutentha ndi akale.

M'mawa ndi madzulo ndimataya theka la madzi n'kuthira atsopano pang'onopang'ono m'mbali mwa bokosi. Ndisanapisemo dzanja ndimalitsuka ndi madzi amchere omwewo, chifukwa sopo, mafuta odzola oteteza kudzuwa ndi mankhwala a udzudzu ndi poizoni kwa iwo. Ndiye ndimayang'ana mmodzimmodzi ndi tochi. Wamoyo ukamukhudza amapinda mchira, ndipo timapiko takunsi kwa mimba timakhala tikukupiza. Amene wagona chammbali, watuwa, timapiko tili zii, ndimamuchotsa pompo. Madzi akachita chifunga kapena mphuno ikangomva kanthu, sindidikira nthawi yake, ndimasintha onse. Chakudya sindiwapatsa, chimangowola.

Pali mkangano wa dzanja lalikulu lija. Ena amalithyola tsiku lomwelo kuti amphongo asapane anzawo. Ine ndinayesa, ndipo othyoledwawo ndiwo anayamba kufooka. Malo akakhala okwanira sapanana kwenikweni, choncho ndimalithyola pomuika pambedza, makamaka chifukwa cha chala changa.

Loweruka lapitali ndinadzuka 4 koloko, n'kuwerenga: 36 mwa 40 anali akukupiza. Ndinawasamutsira m'kandowa ndi madzi otsala m'chigubu chachiwiri, kamakina kampweya ndikukakolowekera m'mbali. Mbedza yake ndi yopyapyala, ya khosi lalitali; umailowetsa kunsi kwa mchira n'kuitulutsira pafupi ndi mutu, ndipo poponya suchita kukwapula. Pofika 8 koloko ndinali ndi whiting zisanu ndi bream imodzi. Ma yabby 11 otsala ndinawakhuthulira pamadzi osaya, n'kuimirira mpaka womaliza atalowa mumchenga. Adala aja ndinawapatsa whiting ziwiri, ndipo iwo, asanathokoze n'komwe, anayamba afunsa ngati zigubu ndazitsuka.