Machila a vundu ayamba kumira, koma andidyera sabata yathunthu

Akuluakulu, machila aja amira. Loweruka ndinakawaponya padamu la mnzanga wina, nsalu n'kutsika yokha kukapanga mimba pansi pa madzi, mapaipi awiri akuyandama pamwamba monga ndinkafunira. Ndinakuwa ngati ndakola nsomba, ana odyetsa mbuzi chapafupi n'kumandiyang'ana ngati mutu wabalalika.

Amene simunaone zomwe ndinalemba mwezi watha, nkhani ndi iyi: ndikufuna nsomba yaikulu ndiziilandirira m'machila, nsalu yomangirira pamapaipi awiri, m'mbali mwa bwato, kuichotsa mbedza ili m'madzi momwemo, kuiyeza, kuijambula n'kuibweza. Anandiyambitsa ndi vundu (nsomba yaikulu yonga mlamba) wa chaka chatha, kumunsi kwa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa. M'kaneti kanga munangolowa mutu wokha, minga ya m'mbali ija n'kukodwa m'maso a neti, mpaka tinachita kudula ndi mpeni. Nsomba yoti ikakula imafika mita imodzi ndi theka, makilogalamu kupitirira 50, siyolandirira m'kaneti ka chambo. Wangayo sanafike pamenepo, ndisaname.

Mitengo ya m'mbali mwa machila sinavute. Mapaipi a PVC a mamilimita 40, iliyonse mita imodzi ndi theka. Nditasenzetsa thumba la mchenga la makilogalamu 25 anapindika ngati uta, ndiye ndinalongamo nsungwi zouma n'kumata zitsekero kumapeto ndi guluu. Zinathera pomwepo.

Chomwe chandisowetsa tulo ndi nsalu. Za neti ya udzudzu musandiuzenso. Imang'ambika, komanso a zausodzi akakupeza nayo kumtsinje sangamve zoti ndi machila. Ukonde wa mfundo nawo ndinaukana, chifukwa vundu alibe mamba, chomuteteza ndi zoterera zija zonga thelele, ndipo mfundo zimapala zonsezo. Ndinasankha neti yobiriwira ija amaphimbira mbande kunazale. Ndi yosalala, ilibe mfundo, madzi amadutsa bwinobwino ukamanyamula. Ndinkadziona katswiri, kufikira tsiku lomwe ndinaiviika. Aa, siimira! Pulasitiki yake ndi yopepuka kuposa madzi, ndiye imangoyandama ngati namasupuni. Nsomba ukuikokera kuti ilowe, iyo izidutsa kunsi kwa machila, ulusi n'kukola papaipi.

Ndinayamba ndi manati a galimoto, asanu ndi limodzi, kumangirira kunsi. Nsalu inamira pomwe pali nati pokha, ikulendewera ngati mawere a ng'ombe, pakati ponse pali potukuka. Komanso vundu akaphiriphitha pazitsulo zotero, ndingamubweze ali ndi mabala. Ndinayesa tcheni chakale cha njinga. Chinamiza bwino ndithu, koma girisi anayandama bafa lonse, ndipo patangopita masiku awiri dzimbiri linali litadetsa neti. Mayi akunyumba anandiuza kuti bafa limenelo n'lochapira, si Shire. Mtovu wa mbedza womwe ndinali nawo ndinausonkhanitsa wonse, sunakwane, ndipo mtengo wake masiku ano inu mukuudziwa. Masiku asanu ndi limodzi, madzulo aliwonse ndikaweruka, ndili chonyowa pakhonde.

Ondimasula anali madala amene amatipalasira ku Chikwawa. Ndinawaimbira kufunsa za madzi, n'kudandaulako za machila. Anaseka kaye, chifukwa kwa iwo kubweza ndiwo m'madzi ndi misala yeniyeni, kenako anandikumbutsa momwe amakonzera matchera: zoyandama pamwamba, zolemera pansi, koma zolemerazo amazimwaza chingwe chonse, saunjika pamodzi. Usiku womwewo ndinatenga chubu chakale cha njinga, kudula pavalavu, kuthiramo mchenga wosefa mpaka kudzaza, n'kumanga mbali zonse ndi mphira. Chinalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Ndinachilowetsa m'kathumba katali komwe tasokera kunsi, pakati penipeni pa nsalu, kuchokera kumutu mpaka kumchira. N'chofewa, chimapindika motsatira mimba ya nsomba, sichichita dzimbiri, ndipo mtengo wake ndi zikomo kwa wokonza njinga.

Pa zosokazo ndinene chilungamo, musataye nthawi ndi makina a telala. Tinathyola singano ziwiri. Pitani kwa osoka nsapato, ali ndi ulusi wa nayiloni wokhuthala ndipo amasoka pamanja. Wanga ndi wa mumsika wa Ndirande, komwenso ndinagula mapaipi. Msika umenewo ine sindiusintha. Bokosi langa la nyambo lija, lomwe ndinapanga ndi chigubu cha malita 20, zipangizo zake zonse zinachokera komweko, ndipo chaka chachitatu chino likugwirabe ntchito, kungoti chivindikiro mbuzi inatafuna.

Zatsala ziwiri. Kumutu kwa machila sikunatsekedwe. Kwa vundu mwina chingwe chokoka chikwanira, koma mcheni ndikukayika. Ndikunena mcheni wa kumunsi kwa mathithi a Kapichira, wa mano olowana uja, osati wa kunyanja. Ameneyo amadumpha, amaluma, komanso sachedwa kufa ukamuchedwetsa kunja kwa madzi, ndiye chotsekeracho chiyenera kugwira ndi dzanja limodzi. China ndi ng'ona. Machila amafuna munthu awerame, mikono ili m'madzi, ndipo pa Shire zimenezo si zoseweretsa. Ndikuganiza zoika zogwirira zazitali, ngati za wilibala, koma sindinajambulebe.

Kukayamba kutentha mu Okutobala ndikawayesa pansomba yeniyeni. Akakhoza, ndipanga ena a aluminiyamu otha kupinda, okwana m'buti, ndipo chaka chamawa tikawaviike kudamu la Cahora Bassa ku Mozambique. Amene ali ndi boti la injini ndi pasipoti yosatha andiuze msanga.