Gawo 14: Kutsidya kwa njanji

Zikomo nonse amene munalemba ndemanga pa gawo 13. Ambiri mwafunsa chifukwa chake agogo aja, amene anandilandira kutchalitchi nditangofika ku Las Vegas, saponda ku Strip, msewu wa mahotela akuluakulu ndi nyumba za juga, ngakhale pa Khirisimasi. Lero za ine ndaziika pambali. Achimwene amene munati "kumeneko n'kwa juga basi", khalani pansi muwerenge.

Makolo a agogowa anachokera ku Tallulah, ku Louisiana, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, kudzagwira ntchito pafakitale ya Basic Magnesium ku Henderson, pafupi ndi Las Vegas. Anthu akuda ankakankhidwira dera limodzi, Westside, kutsidya kwa njanji. Misewu inali yafumbi, nyumba za matabwa otola, ena m'matenti. Mu July kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye ankanyowetsa nsalu n'kuipachika pazenera kuti mphepo yolowa izizire. Swamp cooler, makina oziziritsira m'nyumba, itabwera nzeru inali yomweyo: madzi amadontha pa zotchinga za m'mbali, fani n'kukoka mpweya kudutsa ponyowapo. Imagwira bwino mpweya ukakhala wouma, koma chinyezi cha mu August chikabwera imangopuma nthunzi.

Chimene chimawapweteka agogo mpaka lero si kutentha. Oimba otchuka akuda, Nat King Cole ndi Sammy Davis Jr., ankadzaza maholo a ku Strip, koma nyimbo zikatha ankatulukira kukhitchini n'kukagona m'nyumba za alendo ku Westside. Amayi awo a agogo ankayala mabedi m'hotela imene sakanaloledwa kugonamo, ngakhale kulowera pakhomo lakutsogolo. Akafika pamenepa agogo amayamba asiya kaye kulankhula, n'kumapukuta tebulo loyera kale.

Mu May 1955 panatsegulidwa Moulin Rouge pa Bonanza Road, hotela yoyamba ku Las Vegas imene akuda ndi azungu ankasangalalira pamodzi. Chakacho chisanathe inatsekedwa. Mu March 1960 Dr. James McMillan, dokotala wa mano amene ankatsogolera nthambi ya ku Las Vegas ya NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, anaopseza kuti anthu aguba pa Strip. Akuluakulu anakumana mu Moulin Rouge momwemo, tsankho la pakhomo n'kuthetsedwa. Ntchito zabwino, monga kugawa makadi patebulo la juga, zinadikira mpaka chigamulo cha khoti cha 1971.

Nayi mbali imene alendo sauzidwa. Zitseko za ku Strip zitatseguka, ndalama zinachoka pa Jackson Street, msewu wa malonda wa ku Westside. Makalabu, malo odyera ndi ometera a anthu akuda anayamba kutsekedwa limodzilimodzi. Agogo amati ufuluwo anaufuna ndithu, koma palibe anawachenjeza kuti udzadya msewu wawo.

Zotsalazo zinathamanga: hotela ya Mirage kutsegulidwa 1989, ya Dunes kugwetsedwa ndi mabomba 1993, ya Sands kugwetsedwanso 1996. Clark County, mmene muli Las Vegas, imene mu 1950 inali ndi anthu osakwana 50,000, lero yadutsa 2 miliyoni. Moulin Rouge inapsa mu 2003. Tikamadutsa pa Bonanza Road Lamlungu, agogo amaloza pabwalo lopanda kanthu n'kundionetsa pamene panali khomo.

Za lendi ndi mlamu wanga uja, dikirani gawo 15.